Mbuzi Zisanu pa Njinga ya Che Ajasi

Che Ajasi Likwanya anafika kwa Shehe Bwanali dzuwa lili paliwombo, njinga yamoto ikulira, mbuzi nazo zikulira m'dengu kumbuyo. Anali atazinga ndi kugulitsa nyama pamsika wa Ntaja zaka makumi awiri, ndipo sankalola munthu kuiwala zimenezo. Anaimika njinga padzuwa n'kulunjika pakhonde, pomwe Shehe ankasoka chikuto cha buku la ku madrasa.

Atapatsana salamu, Shehe anawayalira mkeka pamthunzi ndi kuwapatsa kapu ya madzi. Che Ajasi anagugudiza onse.

"Shehe, ndabwera ndi dandaulo. Boma latilowerera pa chipembedzo."

"Fotokozani, Che Ajasi, ndikumva."

"Kwabwera mayi wa vetenale watsopano. Akuti malamulo a ziweto salola kupanikiza mbuzi zisanu m'dengu limodzi, miyendo yomanga, mitu ikulendewera. Akuti ndizizipumitsa, ndizizimwetsa madzi, ndisamazinge ina zinzake zikuona. Akadzandipezanso chonchi, nyama yanga saidinda ndipo chilolezo andilanda. Munthu wosadziwa n'komwe kumene timayang'ana poswali, aphunzitse ine kuzinga? Lembani kalata ku boma, Shehe, ndipo Lachisanu mudzanene mumzikiti."

Pakamwa panali ukali, koma mumtima munali mantha okhaokha. Popanda chidindo cha mayiyo benchi lawo la nyama likanatsekedwa, ndipo ntchito ina Che Ajasi sankaidziwa.

Shehe anaika singano pansi. "Madzi aja anakoma?"

"Kwambiri. Ndanyamuka ku Nselema m'mamawa, kukhosi kunauma gwa."

"Nanga mbuzi mwayenda nazozo, zamwa?"

Che Ajasi anacheukira kunjinga kuja. Shehe sanadikire yankho. Anadzuka, nkhalamba yoyendera ndodo, n'kunyamula chidebe cha madzi amene anasungira kusamba asanaswali masana. Anakagwada panjinga paja nayamba kumasula zingwe za mbuzi.

"Shehe, musadzivute! Mudetsa mkanjo!"

"Mkanjo umachapika. Gwirani uku."

Anazitsitsa imodziimodzi. Zingwe zinali zitadya khungu mpaka kufiira, ndipo mbuzi ina inalephera kuima, inamwa chogwada. Zaka zonsezi Che Ajasi ankayang'ana mwendo wa mbuzi pofuna kuona kunenepa kwake basi. Manyazi anawagwira. Komabe mumtima anathokoza kuti zimenezi aziona pakhomo pa mphunzitsi wawo, popanda chigulu cha pamsika chowaseka, chilolezo chikadali m'thumba.

Atabwerera pamkeka, mawu a Che Ajasi anali atatsika.

"Koma Shehe, ine sindinazingepo nyama osatchula dzina la Allah. Ngakhale tsiku limodzi."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndadya nyama yanu zaka zonsezi osakayika. Koma tandiuzani, zimene wanena mayiyu, n'zachilendo m'makutu mwanu?"

Che Ajasi anazyolika. "Ayi. Munatiphunzitsa ku madrasa. Kumwetsa chiweto, kunola mpeni chisakuona."

"Ndinaphunzitsa, kenako ndinasiya kufunsa. Tsiku lililonse njinga yanu imadutsa pamsewu apa mbuzi zikulira, ine n'kumangokukwezerani dzanja. Ndinkafunsa ngati dzina la Allah latchulidwa pakhosi pa mbuzi. Sindinafunsepo kuti yafika bwanji pampenipo. Kulakwa kwanu n'kwanganso."

"Ndiye kalata ija simulemba?"

Shehe anamwetulira, natenga cholembera m'thumba la mkanjo wafumbi uja.

"Ndilemba, ndipo Lachisanu ndidzanenadi. Koma ikhala kalata yothokoza. Mayi amene sitiswali naye watikumbutsa zathu zomwe, ndipo wakuchenjezani nthawi ikadalipo. Iye angakulandeni chilolezo cha pamsika chokha. Mwini mbuzizi, amene mumatchula dzina Lake pozinga, adzatifunsa tonse awiri za ludzu lazo. Mukapereke kalatayi ndi manja anu, Che Ajasi, koma muyambe mwadikira mbuzi iyo iimirire."