Nyani ndi Khomo Lothawira Moto

Kalekale, ana inu khalani pansi, nanunso akulu lekani manong'onong'o, kunali Gologolo, mayi wamasiye wa ana atatu. Nyumba yake inali mphako ya mlambe, pafupi ndi nkhalango ya masuku.

Tsiku lina anapita kumaliro kwawo ndi ana onse. Pobwera, ha! Pakhomo pali chikwangwani: MALO OGONA ALENDO, KWA BAMBO NYANI. Mkatimo alendo odzatola masuku ali tambalale pamphasa zake.

"Achimwene, nyumba yangayi bwanji?" anafunsa Gologolo.

"Yanu? Ndinaipeza yopanda mwini," anatero Nyani, masaya atatupa ndi masuku amene alendo ankalipira. "Mukafuna kugona, lipirani ngati anzanu."

Ine pamenepa mtima umandiwawa. Mvula ili pafupi, ana akugona panthambi!

Mawa lake Gologolo anabwera akumwetulira.

"Achimwene, zija zinatha. Koma mukudzimana. Bwanji osalembetsa kukhonsolo? Nyumba ya chiphaso mlendo amapereka madengu awiri a masuku."

"Awiri?" Dovu chuuu! Nyani anathamanga yekha kukaitana woyendera nyumba.

Anabwera Khwangwala, kolala ili mbee, buku kukhwapa.

"Mwini nyumba ndani?"

"Ndine, bwana!"

"Chimbudzi chilipo?"

"Chilipo."

"Madzi akumwa?"

"Alipo."

"Lamulo lomaliza. Mwini nyumba alowere kutsogolo, atulukire khomo lothawira moto, tione ngati alendo angapulumuke."

Nyani maso mwazumwazu. Khomolo sankalidziwa n'komwe.

"Lili kuseriko, achimwene," anatero Gologolo mwaulemu, "lija munaboola nokha lija."

"Eya, eya, ndinaboola ndekha."

Analowa chokwawa. Mutu unatulukira kuseri. Mapewa anadutsa mokakamiza. Itafika mimba ya masuku ija, gwa! Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi. Anapumira mkati, ayi. Anapumira kunja, ayi.

Khwangwala anatsegula buku. "Woboola khomo lotere n'kumagonekamo alendo, miyezi itatu yolambula msewu."

"Sindinaboole ine! Nyumba si yanga! Ndi ya Mayi Gologolo!"

"Bwerezani, ndilembe bwino."

"Ndi ya Mayi Gologolooo!"

"Zikomo. Wogoneka alendo m'nyumba ya eni popanda chilolezo chawo, miyezi isanu ndi umodzi."

Alendo anamugwira manja, koka, koka, phuu! Nyani anagwera uko, ubweya wonse wa kumatako utatsala pakhomo. Anapita kumsewu khasu paphewa, kumbuyo kuli psuu, ndipo sunamerenso mpaka lero.

Gologolo analowa kutsogolo, swee, natulukira kuseri mchira uli m'mwamba. Chiphaso chinalembedwa dzina lake. Iye anapatsa alendo chipinda chimodzi, ana n'kugona china, mvula n'kuyamba kugwa.

Nthano yanga yathera pompo, wina akaphule mbatata isanapserere. Koma amalume inu mukuyang'ana pansinu, nyumba ya mlongo wanu ija mukugonekamo alendo, mukayambe mwayesa mimba pakhomo lakuseri.