Mabotolo a Nyemba pa Zenera

M'chipinda chodyera kwa a Zamakono munali tebulo lalikulu ndithu, koma zodyerapo zinaiwalika kalekale. Pamwamba pake panali milu ya mabuku, pansi pake makatoni, ndipo banja linkadya mbale zili pa maondo ngati anthu a paulendo. Bambowa ankakonza mafoni m'kachipinda ka kumaso kwa nyumba. Dzina loti Zamakono anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa ukapita ndi foni yongosweka galasi, ankayamba akuuza kuti imeneyo ndi yachikale, kwabwera ina. Eni ake ankalinyadira dzinalo, osadziwa kuti oitanawo amatsinana iwo akatembenuka.

Anali ndi ana awiri aakazi. Wamkuluyo aliyense ankamutcha Dokotala, poti kuyambira ali wamng'ono ankamanga mabandeji zidole, amphaka, ndi mlendo aliyense wokhalitsa pampando. Wamng'ono ankangomuti Mzime. Dokotala anali atatsala ndi zaka ziwiri kuti apite ku sekondale, ndipo iye ndi msuweni wake, mwana wa amalume ake, anali atapangana kuti adzalowa limodzi n'kukhala desiki imodzi mpaka kumaliza. Kwa mwanayo panalibe chinthu chachikulu kuposa pangano limeneli.

Tsiku lina a Zamakono anatsegula chikwama cha Dokotala pofuna cholembera, n'kupezamo buku la masamu lopanda chikuto, masamba ake atada ndi zala za ana a zaka zambirimbiri. Analinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Mayi a Dokotala, taonani izi! Ndiye tizidabwa kuti ana akutsalira? Ana anga sapitanso kusukulu. Ndiziwaphunzitsa ndekha pompano, ndi zipangizo zenizeni."

Akazi awo, amene anali namwino, anali akuvula nsapato atangofika kuchokera ku ntchito. "Bukulo n'lonyansa, sindikana," anatero, "koma mwanayo akulimva. Mukwanitsa inuyo, bambo?"

"Munthu wophwasula foni n'kuibwezera mwakale angalephere masamu a ana?"

Tisanamizane, kuphunzitsa ana pakhomo si tchimo. Alipo makolo amene amatero, ndipo ana awo amatuluka akuthwa ngati lumo. Koma ntchitoyi imafuna munthu wotha kusankha njira imodzi n'kuitsata ngakhale itayamba kukwera chitunda, ndipo mtima woterowo a Zamakono sanabadwe nawo.

Katoni yoyamba inafika ikununkhira sitolo. Munali mabuku onyezimira oti munthu n'kudziyang'anirapo pometa ndevu. A Zamakono anakhoma bolodi pakhoma, nayamba kuvala tayi m'nyumba mwawo momwe. Mutu woyamba wa sayansi unati tengani botolo, muikemo thonje lonyowa ndi nyemba imodzi, muliike pa zenera, muziona mmene nyembayo ikumerera. Anachita zomwezo. Nyemba inamera, Mzime anavina, ndipo aphunzitsi anaijambula n'kutumizira abale onse. Masamu anayamba ndi kubwereza kuphatikiza ndi kuchotsera, zinthu zimene Dokotala ankazichita atatsinzina.

Zonse zinayenda myaa mpaka pamene anafika pa masamu ogawa manambala aakulu.

"Bambo, nanga yotsalayi ndiipititsa kuti?" anafunsa Dokotala.

A Zamakono anayang'ana tsambalo. Anakanda m'mutu, anamasula tayi pang'ono, kenako anakumbuka kuti pali foni ya kasitomala yofunika msanga. Potuluka m'kachipinda kaja madzulo, nkhope yawo inali ikuwala. Anali ataonera pa intaneti mayi wina wa mawu okoma akufotokoza kuti mabuku amapha nzeru za mwana, ndipo mwana aziphunzira ndi manja, pogwira timatabwa ndi mikanda.

"Vuto si iwe, mwana wanga," anatero. "Vuto ndi bukuli. Silidziwa kufotokoza."

Katoni yoyamba inalowa pansi pa tebulo, yachiwiri inakwera pamwamba. Malangizo ake ananenetsa kuti muyambire poyambirira penipeni, chifukwa nyumba ndi maziko. Ndipo poyambirira pa sayansi panali botolo, thonje lonyowa ndi nyemba imodzi.

Mikanda nayo inakoma mpaka tsiku limene inafunika kugawidwa m'timbale mwa njira imene inawazunguza mutu aphunzitsi. Mwamwayi, sabata yomweyo kasitomala wina anawaonetsa maphunziro a pa tabuleti, momwe kamphunzitsi kojambulidwa kamaomba m'manja n'kupereka nyenyezi mwana akangogwira galasi. Tabuleti itatha fasho, kunabwera njira yophunzira poimba nyimbo, nyumba yonse n'kusanduka kwaya. Kenako kunabwera ina yonena kuti mwana azisankha yekha chimene akufuna kuphunzira tsikulo. Mzime ankasankha kugona. Chodabwitsa n'chakuti njira yatsopano inkatulukira nthawi yeniyeni imene yakale yafika pomwe aphunzitsi ayamba kutuluka thukuta. Koma izi ine ndikungonena, mwina zinkangochitika mwangozi.

Alembi a maphunziro onsewa, ngakhale ankanyozana okhaokha, pa chinthu chimodzi ankagwirizana ngati anabadwa bere limodzi: sayansi imayamba ndi nyemba. Motero pa zenera panandandalika mabotolo. M'botolo lililonse munali kambewu kamene kanamera, kanatulutsa timasamba tiwiri, kenako kanafota, chifukwa mutu wonena zokaika mbewu m'dothi unali wachiwiri, ndipo m'nyumba imeneyi mutu wachiwiri wa sayansi sunafikidweko.

Tsiku lina mayi aja anaima pa zenerapo atagwira m'chiuno.

"Bambo a Dokotala, kodi tatsegula chipatala cha nyemba? Zonsezi zafera m'manja mwanu."

"Imeneyo ndi sayansi, mayi."

"Sayansi yake yosasuntha? Mwanayu ndamufunsa dzulo kuti agawe mapiritsi a mwezi wathunthu pa masabata, wangondiyang'ana. Sankhani buku limodzi, ngakhale loipa, mulimalize."

"Inu mumadziwa jakisoni," anayankha a Zamakono. "Za maphunziro mundisiyire ine. Kodi mukufuna ana atsalire pa zachikale pomwe kunja kukubwera zabwino tsiku ndi tsiku?"

Mayiwo anapukusa mutu n'kupita kukagona, poti anali atachoka ku ntchito miyendo itatupa. Pamenepo nawonso analakwa, chifukwa nkhutukumve sumusiyira mwana kuti aziyeserapo nzeru zake.

Chaka chachiwiri chili mkati, kunabwera alamu a bambowa, mchimwene wa mayi aja, pamodzi ndi msuweni wa Dokotala uja. Mtsikanayo anali atanyamula buku lake la masamu kuti awerengeko, lopanda chikuto ngati lija. A Zamakono ataliona anaseka chikhakhali.

"Alamu, mwana mukumuphunzitsa ndi chiguduli ichi? Dokotala, taima apa, uwauze amalume ako mmene nyemba imamerera."

Dokotala anaimirira n'kufotokoza za khungu, za muzu ndi za mphukira. Anabwereza mwa njira ya pa tabuleti, kenako mwa nyimbo, Mzime akuthandizira kuomba m'manja. Amalume anathira ndemanga kuti zakomadi, ndipo a Zamakono anadziguguda pachifuwa mpaka tayi inapindika.

Atsikana awiri aja atatuluka panja, msuweni anafunsa mopanda chiwembu chilichonse, "Inu mwafika pa masamu a maperesenti? Ifetu atisautsa."

"Maperesenti n'chiyani?" anafunsa Dokotala.

Msuweni anamuyang'ana. Anangosintha nkhani, ndipo kusinthako kunamupweteka Dokotala kuposa kusekedwa. Alendo atapita, mwanayo anakagwada pakhomo la kachipinda ka mafoni.

"Bambo, chonde, tibwerere ku buku loyamba lija, timalize. Mayeso olowera ku sekondale ayandikira."

"Usade nkhawa, iwe. Ndaitanitsa maphunziro ena, amene akugwiritsa ntchito ana a anthu ozindikira. Amenewa ndiwo mapeto a zonse."

Maphunzirowo anafikadi. Simufunika kuuzidwa chimene chinali m'mutu wake woyamba.

Popeza Dokotala analibe sukulu yomuchitira umboni, a ku sekondale anati alembe mayeso awoawo. Tsiku lokamva zotsatira a Zamakono anavala jekete, nanyamula mapepala osindikiza okhala ndi nyenyezi zonse za pa tabuleti zija. M'ofesi munali aphunzitsi aakulu, mayi wa magalasi ochindikala wolankhula mosathamanga. Nyenyezi zija anaziyang'ana kamodzi n'kuzikankhira pambali mwaulemu.

"Mwana wanuyu mutu uli bwino kwambiri, bambo," anayamba motero. "Funso la kumera kwa mbewu wayankha kuposa ana onse. Wajambula mpaka timizu."

"Mwamva, mayi a Dokotala?" anatero a Zamakono, akuwagunda akazi awo ndi chigongono.

"Koma funso limenelo linali limodzi lokha. Taonani apa. Samu yogawa iyi waiyamba mwa njira ya m'buku, pakati wajambula mikanda, kenako wayamba ina imene ine sindinaionepo chibadwire. Palibe imene waimaliza. Mafunso enawa sanawakhudze n'komwe. Kodi munkatsatira silabasi iti?"

"Tinkatenga zabwino zokhazokha kuchokera konsekonse," anayankha a Zamakono, mawu atayamba kuchepa.

"Zikuoneka. Mwanayu amadziwa khomo la phunziro lililonse, koma m'kati sanalowemo. Ndikamulandira pano ndimuzunza. Abwerere kalasi imene anasiyira, ayende bwinobwino, adzabwere pakapita zaka ziwiri. Malo tidzamupatsa ndi manja awiri."

A Zamakono anayesa kunena za maiko ena kumene ana saweruzidwa ndi mayeso, koma aphunzitsi aakulu anali ataitana kale kholo lotsatira. Panjira yonse Dokotala sanalire. Ankangoyenda patsogolo, maso ali pansi.

Sukulu zitatsegulidwa, msuweni uja anadzera kunyumbako m'mawa atavala yunifolomu yatsopano ya sekondale. Sanabwere kudzadzionetsa. Anabweretsa buku lake lopanda chikuto lija, poti iye anali atathana nalo. Anamupatsa Dokotala pa khonde, n'kunena chapansipansi kuti, "Pa desiki ndakhala ndi wina, koma si ngati iwe." Atatero anathamanga kuopa kuchedwa. Dokotala anaima pomwepo mpaka yunifolomuyo inakhota pa ngodya, ndipo apa m'pamene misozi inatsika. Iye anali woti akakhale m'kalasi ya ana amene kale ankawamangira zingwe za nsapato.

Munthu wina akanaphunzirapo kanthu. Koma madzulo a tsiku lomwelo a Zamakono anatuluka m'kachipinda kawo foni ili m'manja, nkhope ikuwalanso monga kale. Anapeza tebulo lili mbee. Akazi awo anali atatsitsa milu yonse ya mabuku, ndipo anali pa zenera akukhuthulira nyemba zofota m'chidebe cha zinyalala, botolo ndi botolo. Pa tebulopo panali Dokotala yekha ndi buku lakuda lija.

"Mwana wanga, mavuto atha!" anafuula. "Ndapeza maphunziro a changu. Zaka ziwiri amazipanikiza m'miyezi itatu yokha. Chaka chamawa udzamupeza msuweni wakoyo, mwina n'kumupitirira. Tangoona, akuyamba ndi..."

"Ndi nyemba," anatero mayi aja, osatembenuka.

A Zamakono anayang'ana pa foni, naona kuti n'zoonadi. Analozetsabe foniyo kwa mwana wawo. Dokotala sanaiyang'ane. Anaika dzanja lake pa tsamba limene ankawerenga, ngati akuopa kuti wina alilanda.

"Bambo, ndisiyeni," anatero mwaulemu. "Ndayamba mabuku ambiri m'nyumba muno. Ndikufuna ndione kamodzi kokha mmene buku limathera."

Kunkangomveka kulira kwa mabotolo m'manja mwa mayi aja. A Zamakono anaima pakati pa chipinda, tayi ili pakhosi, makatoni atawazinga kumapazi, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anasowa chatsopano choti anene. Anali atagwira nthambi iliyonse yonyezimira imene anaiona, osakhazikika pa ina iliyonse, ndipo chowawa n'chakuti pogwa sanagwe okha, anagwera mwana wawo yemwe.

Akuluakulu sananame ayi pamene anati: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.