Masiku Atatu M'sitolo ya Mahedifoni

Panali munthu wina, mlimi wa khofi, amene anali ndi kandege kake ka mipando inayi. Ankakayendetsa yekha. Munda wake unali kutali, ulendo wa maola atatu mumlengalenga.

M'kandege kotere injini imasokosa kwambiri. Woyendetsa amavala mahedifoni okhala ndi kolankhulira pakamwa, kuti azimvana ndi a pabwalo la ndege komanso anzake ouluka pafupi.

Mahedifoni a munthuyu anali olemera ndi othina. Ola loyamba sankamva kulemera kwake. Lachiwiri ankamuluma pamwamba pa makutu, pamene pamadutsa timiyendo ta magalasi. Lachitatu mutu unkawawa ngati wasenza nkhuni popanda nkhata. Tsiku lina, atatsala pang'ono kutera, anawatsitsira m'khosi kuti apumeko. Nthawi yomweyo woyendetsa wina ankalengeza pa wailesi kuti naye akutera pamalo omwewo. Iye sanamve. Ndege ziwirizo zinadutsana pafupi zedi, moti mkazi wake, amene anakhala kumbuyo ndi mwana pamiyendo, anaona nkhope ya woyendetsa winayo.

Atatsika, mkaziyo sanakalipe. Anangoti, "Bambo a Ndaziona, mwanayu sadzakweranso umu mpaka mutapeza mahedifoni amene simudzawavula m'mwamba."

Munthuyo anapita kusitolo ina ya pafupi ndi bwalo la ndege. Wogulitsa anamuyalira mitundu itatu. Anamuuza kuti awanyamule m'manja aone kupepuka kwake, kenako awavale pang'ono. Ogula ambiri ankatero. Ankavala mphindi ziwiri, n'kugwedeza mutu, n'kunyamuka. Koma uyu anapempha mpando. Anati dzanja si limene lidzawasenze.

Anavala oyamba, omwe anali onyezimira, pamodzi ndi magalasi ndi kapusi, monga amavalira pouluka. Anakhala pafupi ndi khomo la kuseri, kumene amakanika ankaliza injini. Ola litatha, wogulitsa anamukodola.

"Bwana, mwafika pati tsopano? Dedza mwadutsa?"

Iye anangomwetulira. Posakhalitsa mahedifoniwo anayamba kumufinya m'mbali mwa mutu. Anawavula, anathokoza, n'kupita.

M'mawa mwake anabweranso. Achiwiri anali opepuka ngati nthenga, koma phokoso linkalowa. Atawalumikiza ku wailesi ya m'sitolomo, mawu ena ankachita kuwaganizira. Anawabweza. Wogulitsa anayamba kutopa naye, ndipo anauza amakanika kuti kasitomala ameneyu mawa adzabwera ndi mphasa.

Tsiku lachitatu anavala otsalawo, osakongola, amene wogulitsa sanawatame n'komwe. Mawu ankamveka bwino ngakhale injini ikulira. Anazula chingwe, anachipinda m'thumba la malaya, n'kukhala pansi kuwerenga mapu ake. Ola linatha. Lachiwiri linatha, lachitatu lomwe. Njala itamugwira, anapinda mapu aja, anatsanzika ndi dzanja, n'kutuluka kukafuna chakudya. Anali atafika kale pageti pamene wogulitsa anamugwira paphewa, ali wefuwefu, akuloza pamutu pake.

Munthuyo anapapasa pamutu, n'kuwapeza. Anali atawaiwala.

"Amene ndikufuna ndi awa," anatero.

Sabata yotsatira mkazi wake anakwera kandege kaja ndi mwana, ndipo anafika kumunda mwamuna wake asanagwire pamutu ngakhale kamodzi.

Inu amene mukundimva, chinthu choti mudzakhale nacho nthawi yaitali musachiyese m'manja mphindi ziwiri. Mwana salemera pomubereka kumsana. Amalemera pamtunda, dzuwa lili paliwombo, ndipo apo m'pamene umadziwa ngati nsalu unaimanga bwino. Chimene chimakufinyani mudzachivula ndithu, ndipo mudzachivula pa nthawi imene mukuchifuna kwambiri. Kaya ndi ntchito, kaya ndi munthu amene akufuna kumanga nanu banja, pemphani mpando, mukhale pansi mpaka ola lachitatu. Oseka asiyeni aseke. Iwo sadzakwera nanu m'mwambamo.