Boti la a Kuriachan Lichoka pa Doko

Kwa zaka makumi awiri ndi ziwiri, a Kuriachan sanamwepo tiyi wa m'mawa kunyumba kwawo. Ankalawirira kukadali kachisisira, n'kupalasa njinga mpaka pa doko la ku Punnamada, pamene boti lawo linkagona pakati pa maboti anzake. Linali boti la nyumba, la zipinda ziwiri, matabwa ake osokedwa ndi zingwe za makoko a kokonati, denga lake la nsungwi lopindika ngati msana wa kamba. Alendo ankalipira kuti agonemo, n'kumazungulira nyanja ndi ngalande za pakati pa minda ya mpunga.

Kumbuyo kwa botilo kunali kakhitchini kopanikiza, koti anthu awiri sangapatukirane. Mmenemo ndi mmene akazi awo, a Thresia, ankaphikira alendo nsomba zokulunga m'masamba a nthochi, mpaka chaka chimene anatisiya. A Kuriachan ankamwera tiyi wawo pomwepo, chiimirire. Matabwa a m'kakhitchiniko anali akununkhirabe tsabola ndi mafuta a kokonati, ndipo munthu akatsinzina ankangoti mayiyo watuluka pang'ono kukatsuka mphika, abwera posachedwa.

Kenaka kunagwa mliri wa korona. Boma linalamula m'bindikiro, alendo anazimiririka ngati mame, ndipo apolisi anatchinga mlatho wolowera m'tauni. Katatu konse a Kuriachan anafika pa mlathowo ndi njinga yawo, ndipo katatu konse anabwezedwa.

"Madala, mukuthamangira kuti?" anafunsa wapolisi tsiku lachitatulo.

"Kukaona boti langa."

"Boti silidwala korona. Amene angadwale ndinu. Tembenuzani njinga."

Anabwerera, nakakhala pakhonde. Kutsogolo kwa nyumba yawo kunkadutsa ngalande yabata, ndipo iwo ankangoiyang'ana tsiku lonse ngati munthu wodikira basi pa msewu umene basi siidutsa. Chakudya sichinkatsika. Sankasowa alendo, ngakhale ndalama zawo. Ankasowa kugwedezeka kwa matabwa pansi pa mapazi, ndi fungo lija.

Patatha milungu isanu foni inalira. Anali a Moideen, mnzawo wa boti loyandikana ndi lawo pa doko.

"Achimwene, uthenga wa kudoko mwauona? Akuti msonkho wa malo tizilipirabe mwezi ndi mwezi, marupi zikwi zisanu ndi chimodzi, ngati kuti maboti athuwa akuikira mazira."

"Ndauona."

"Ndiye ife eni maboti tagwirizana. Tilemba kalata kwa eni kampani kuti atikhululukire. Boma likangomasula pang'ono, aliyense akasaine pa windo la ofesi kuti sangathe kulipira. A Devassy alonjeza kuti aitumiza okha, ndi mawu awo pamwamba."

"Pa windo la Devassy? Ine?"

"Aaa, achimwene, amenewo ndi alamu anu, si ng'ona."

"Bola ng'ona. Imangokudya, siikunyoza."

A Devassy, amene ankayang'anira ofesi ya pa doko, anali mchimwene wa malemu a Thresia. Zaka zinayi m'mbuyomo, pa maliro a mlongo wawo, anayankhula pamaso pa anthu mawu amene sanafafanizike. "Mlongo wanga anatsokomola miyezi itatu mu utsi wa boti lanu, inu muli kalikiliki ndi alendo a Khirisimasi."  Mawuwo anawalasa kwambiri a Kuriachan chifukwa munali kachoonadi mkati mwake. Chiyambire pamenepo, awiriwa akakumana ankangogwedezerana mutu. Msonkho a Kuriachan ankalipira tsiku loyamba la mwezi osaphonya, n'cholinga choti mlamu wawo asadzapeze chowanenera. Ndiye lero akaime pa windo lomwelo, anene ndi pakamwa pawo kuti boti limene linatha mlongo wake likulephera kudzilipirira pogona? Anaona kuti kuli bwino kumeza mwala.

Mwana anali naye mmodzi, Jincy, namwino ku Kuwait. Lamulungu lililonse ankawaimbira foni yoonana nkhope, masaya ake ali ndi mikwingwirima ya chotchinga pakamwa chimene ankavala tsiku lonse m'chipatala.

"Ababa, za kudoko mukuzitani? Ndikutumizireni kenakake?"

"Iwe samala moyo wako kumeneko. Kuno zonse zili bwino, ndinasunga."

"Amalume a Devassy anandiimbira. Amafunsa za inu."

"Azifunsa za doko lawo."

"Ababa inu!"

"Wadya kale? Ukuoneka wowonda."

Ankafunitsitsa atamuuza zoona, koma akaona maso ake otopa, ankasintha nkhani.

Kumapeto kwa Meyi boma linamasula pang'ono. Eni maboti anandanda pa windo la ofesi, motalikirana monga mwa lamulo, aliyense ndi cholembera chake. A Kuriachan anafikanso tsiku lomwelo, koma mzere anaulambalala. Dzulo lake anali atagwirizana ndi mwini sitolo wina kuti amugulitse jenereta ya m'boti. Ndalama yake anapereka kwa kalaliki, kulipira miyezi yonse imene inatsalira, nanena kuti malo awo akuwasiya. Atalowa m'boti anayamba ndi kakhitchini. Anaimamo kanthawi, dzanja lili pa thabwa, kenaka anatuluka n'kuyamba kumasula zingwe.

A Moideen anachoka pa mzere akuthamanga.

"Mukupita nalo kuti?"

"Kwathu. Ngalande ya pakhomo panga siilipiritsa."

"Mvula ili pakhomo, achimwene! Pano pali magetsi a pampu, pali mlonda. Jenereta ndamva mwagulitsa. Madzi akayamba kulowa akakape ndani?"

"Manja ndili nawo."

"Manja a zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zitatu? Tasainani apa, dzina lokha basi. Tonsefe tasauka, palibe akuseka mnzake."

A Kuriachan analiza injini. Pamenepo a Devassy anatuluka mu ofesi, nafika m'mphepete mwa doko akukweza dzanja.

"Alamu! Alamu, taimani kaye!"

A Kuriachan anamva bwinobwino. Koma anawonjezera moto, maso ali kutsogolo, ndipo phokoso la injini linameza mawu otsalawo.

Milungu itatu yoyambirira inali yokoma, tisaname. Boti linaima pansi pa mitengo ya kokonati, pamaso pa khonde lawo. Ankagona momwemo, kudzuka momwemo, kulipukuta ngati khanda. Ankaphika chinangwa ndi nsomba m'kakhitchini kaja, nthawi zina n'kumayankhula okha, kufotokozera a Thresia za mliri ndi za mwana wawo wakutali. Mtima unakhala m'malo.

Mvula itafika, inafika ngati ili ndi mangawa. Boti lamatabwa osoka limamwa madzi pang'onopang'ono ngakhale pa chilimwe. Pa dzinja limamwa ngati ng'ombe. A Kuriachan ankakapa ndi ndowa m'mawa, masana ndi madzulo. Namasupuni anadzaza ngalande n'kulizinga boti mbali zonse. Msana unayamba kudandaula, zikhatho zinachita matuza. Tsiku lina atatopa anatulutsa foni, napeza dzina la a Devassy, naliyang'ana mpaka kuwala kwa foniyo kunazima kokha. Anaibweza m'thumba, natolanso ndowa.

Mu Julayi a Moideen anaimbanso.

"Zatheka, achimwene! Kampani yatikhululukira miyezi isanu ndi umodzi tonse amene tinasaina. Ndipo kalata ikadali pa windo mpaka kutha kwa mwezi. Bweretsani boti, musaine, nkhani ithe."

"Ndinachoka ndi miyendo, ndibwerere ndi mawondo?"

"Mawondo amapola. Boti likamira silipola."

"Landirani mwayi wanu, Moideen. Ine ndili bwino."

Sabata yoyamba ya Ogasiti thupi linatentha, chifuwa chinagwira. Azaumoyo atawayeza anawapeza ndi korona, ndipo anawatengera ku sukulu ina imene inasandutsidwa chipatala. Anachonderera kuti awasiye pakhomo chifukwa cha boti, koma dotolo anangoti, "Bambo, ife tikupulumutsa anthu." A Kuriachan anapempha banja loyandikana nawo kuti lizikapako madzi. Patangopita masiku awiri, madzi osefukira analowa m'nyumba za m'mbali mwa ngalande, ndipo banjalo linasamutsidwira kumtunda pamodzi ndi mudzi wonse.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri a Kuriachan anagona pa bedi lachitsulo m'kalasi, akumva mvula ikuwomba malata. Dontho lililonse ankalimva ngati likugwera m'boti. Ankadziwa kuti pa doko pali boti lokoka anzake, pali pampu yonyamula, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye akanalamula kuti zipite. Foni inali pansi pa pilo. Tsiku lililonse ankati mawa ndiimba. Kukacha ankaganiza za mawu oyambira, n'kuona kuti palibe mawu amene angatuluke popanda kuwerama. Jincy akaimba, ankamuuza za chifuwa chokha.

Atatulutsidwa anakwera bwato la munthu wina mpaka pakhomo. Anaona denga la boti kaye, litapendekeka, nsungwi zitathyoka pakati. Boti linali litakhala pansi m'matope, madzi ali m'mawindo. Namasupuni anali atalowa m'zipinda zogona alendo, akuphuka maluwa. Kumbuyo, kumene kunali kakhitchini, kunkangooneka nsonga ya chumuni. A Kuriachan analowa m'madzi ofika m'chiuno, nagwira m'mphepete mwa botilo. Linkanunkha matope.

Tsiku lotsatira kunafika bwato la injini. Munali a Moideen, mmisiri wa maboti, ndi a Devassy. Oyandikana nawo aja ndiwo anali atadziwitsa Jincy, ndipo Jincy anaimbira amalume ake akulira. Mmisiri anamira kawiri, navuuka akupukusa mutu. Thabwa lapansi, msana wa boti lonse, linali litathyoka pamene botilo linakhalira chitsa. Kulivuula kukanadya ndalama zoposa kumanga lina.

A Devassy anakwera pakhonde, nakhala pa sitepe, patali pang'ono ndi mlamu wawo. 

"Mwabwera kudzaona?" anatero a Kuriachan. "Onani. Nenani zimene mukufuna kunena."

"Malo anu pa doko sindinapatse munthu," anayankha a Devassy. "Anthu atatu anawafuna. Ndinkati mwina mubwera."

A Kuriachan anatembenukira ku boti lomiralo.

"Tsiku lija ndinakuitanani, munandimva?"

"Injini inkasokosa."

"Munandimva, alamu. Ndinkafuna kukuuzani kuti lisiyeni boti, za msonkho ndithana nazo ine, ngakhale osasaina. Ndiponso ndinkafuna kupepesa mawu aja a pa maliro. Unali ukali wa chisoni. Thresia chipatala ankachikana yekha, ine ndikudziwa, ndinamukakamizapo kawiri. Zaka zinayi ndawasenza mawu amenewo, koma ndikakuonani mukudutsa pa windo, khosi lili gwa, ndinkachita manyazi."

A Devassy anavula magalasi, nawapukuta ndi malaya.

"Nthawi ya m'bindikiro mlonda anathawira kwawo. Pampu ya boti lanu ndinkayatsa ndine, m'mawa uliwonse. Ndikatha ndinkalowa m'kakhitchini kaja n'kuimamo. Kwathu kulibe chake chilichonse, nyumba ya makolo tinagulitsa. Mlongo wanga anatsala mmenemo basi. Mutalichotsa boti, ndinasowa kopita."

A Kuriachan anawerama. Anaphimba nkhope ndi thaulo la paphewa. Pa maliro a akazi awo sanagwetse msozi pamaso pa anthu, koma tsiku limenelo analira mpaka a Moideen anatembenuka n'kumayang'ana kumbali.

"Ndikanangoimba," anatero pomaliza. "Foni inali m'manja."

"Inenso yanga inali m'manja," anatero a Devassy.

Madzi ataphwa anazula matabwa amene anali abwino n'kugulitsa kwa mmisiri uja. Injini inapita kwa ogula zitsulo. Jincy atabwera chaka chotsatira, ndege zitayambanso kuuluka, anaima m'mphepete mwa ngalande n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ababa, ine ndinali mlendo kwa inu?" 

Alendo anabwerera ku Punnamada, maboti a onse amene anasaina anatulukanso pa nyanja. A Kuriachan lero amayendetsa boti la a Moideen pa malipiro a tsiku. Ndi alamu awo amadyera limodzi Lamulungu akaweruka ku tchalitchi, ndipo amakamba za Thresia mpaka chakudya kuzizira. Koma ulendo ukadutsa pa mathiriro a ngalande ya kwawo, dzanja lawo limachepetsa moto lokha, maso n'kulowa m'ngalandemo. Alendo amanyamula makamera, n'kufunsa ngati pali mbalame kapena china choti aone.

"Palibe," amatero a Kuriachan, n'kuwonjezeranso moto.

Chimene chinamiza boti lija si mliri, si mvula, si msonkho wa pa doko. Thandizo linalipo, linkawadikira pa windo, linawaitana ndi kuwaitana. Akuluakulu sananame pamene anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.