Rimoti ya a Hedi

Ndaziona wa folomu 3 anatha miyezi itatu akupanga droni ndi zidutswa za mawailesi akufa. Mpikisano wa masukulu utagwera pasukulu pawo, a hedi, a Chimbalanga, anamuitanitsa ku ofesi.

"Iwe, oweruza akabwera, droniyi ndinapanga ine, ndipo woulutsa ndine. Ukatsutsa, ulongedze uzipita kwanu."

"Palibe vuto, sala," anatero Ndaziona.

Tsiku la mpikisanolo, Ndaziona anagwada n'kupereka rimoti kwa a hedi ndi manja awiri. Inali ya TV ya m'chipinda cha aphunzitsi, ataikulunga tepi wakuda. Droniyo ankaiyendetsa yekha pa foni yomwe anaibisa m'kope.

A hedi anadina batani, droni inanyamuka. Anthu anaomba m'manja, iwo n'kumatukumuka.

"Luso limeneli ndinabadwa nalo," anauza oweruza.

Droni inadutsa bwalo la mpira n'kukaima pamwamba pa munda wa a hedi. Kamera yake inkaonetsa zonse pa kanema wamkulu amene anaikidwa kutsogolo kwa anthu: ana makumi awiri atavala yunifolomu, makasu m'manja, akupalira chimanga nthawi ya kalasi.

A hedi anadina mabatani onse. Anaigwedeza rimoti, kuimenya pantchafu, thukuta kamukamu. Droni inangotsika pang'ono, nkhope za anawo n'kuoneka bwinobwino.

"Si ine ndikuyendetsa!" anakuwa. "Sindidziwa ngakhale poyatsira! Wapanga chinthuchi ndi Ndaziona!"

Mayi wina woweruza analemba dzinalo mosathamanga, kenako anadzutsa mutu.

"Za droni tamva, a hedi. Nanga ana ali m'mundawo akuwayendetsa ndani?"