Mvuu ndi Kachidutswa Konyezimira

Mlamu wanga Layisoni Chimbalanga, iwe wakhala kumbuyoko ngati sukumva, nthano iyi ndi yako. Ana inu senderani kuno. Akuluakulu khalani pomwepo.

Kalekale, chaka cha chilala, nyama zinali ndi mafoni. Musandifunse kumene zinawagula. Zinagwirizana kupanga pulogalamu ya m'foni yolozera kumene kuli madzi. Inali ya aliyense, yaulere. Wofuna kuona m'kati mwake ankaona, wofuna kukonza ankakonza. Pulogalamuyo inkatsamira pa tizidutswa topangidwa ndi ena, ndipo kachidutswa kolozera njira kanali ka Chule. Kakale, kosaoneka bwino, koma kogwira ntchito.

Nyamazo zinali ndi mwambo. Tsiku lopereka pulogalamu kwa onse likayandikira, zinkatseka chitseko. Osaonjezera, osasintha. Kungomata pobooka basi. Mlonda wa chitsekocho anali Nadzikambe, uja woyenda monyang'ama, diso lina kutsogolo, lina kumbuyo.

Chitseko changotsekedwa kumene, akutulukira Mvuu. Di! Di! Di!

"Tsegula iwe! Ndabweretsa kachidutswa katsopano. Ka Chule tikataye."

"Pepani akulu, tatseka," anatero Nadzikambe. "Kodi ka Chule kabooka?"

"Sikanabooke, koma n'kokalamba ngati mwini wake. Aka n'kamakono. Taona kunyezimira, waliwali!"

"Mwakayesa?"

"Chatsopano amayesa? Kaike msanga, ndipo dzina langa ulilembe pamwamba penipeni."

Chule anasuzumira m'matope. "Ndakalamba ine? Nanga chimimba chanucho n'chamakono?"

Nyama zonse zinafa nako kuseka. Mvuu anayasamula chikamwa chake, mano onse poyera. Zonse zii.

"Mukakana, mafoni anuwo ndiwakhalira. Onse."

Apa zinavuta. Chithaphwi chapamudzi chinali chitatsala matope, ana a Gwape akulira ludzu. Pulogalamu ikalakwika, mudzi wonse ukasochera m'tchire, kukhosi kuli gwa.

Nadzikambe anatembenuza diso limodzi, n'kuyang'ana kunsi kwa kachidutswa kaja. Anaona amene anakapanga: a kubanja kwa Khwangwala. Kenaka anatembenukira kwa Mvuu.

"Akulu, mwatithandiza. Koma chinthu chokongola chonchi n'kupatsa aliyense? Ngakhale Mbewa? Ayi. Tikupangirani pulogalamu yanuyanu, ya Mvuu yekha, dzina pamwamba. Inu mutsogole. Mukafika kudziwe mumwe woyamba, musambe woyamba. Ikakufikitsani bwino, tonse tisintha."

"Woyamba?"

"Woyamba, akulu."

"Kamwana iwe uli ndi nzeru, kungoti nkhope."

Anamuikira kachidutswa kake m'foni mwake, ulendo wa Mvuu n'kuyambika. Di! Di! Di! Foni ikuti, "Pitani molunjika." Patsogolo minga. "Molunjika." Mvuu m'minga, thyo! thyo! Patsogolo chitedze. "Molunjika." Mvuu m'chitedze, thupi lonse moto. Patsogolo mitengo iwiri ya mlambe, pakati kampata kodutsa gologolo. Mvuu anaima, anayang'ana kampatako, anayang'ana foni.

"Molunjika."

Mutu lowu! Chimimba gwa! Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

Mukudabwa chiyani? Khwangwala amayenda pansi ngati? Kachidutswa kaja anakapangira zouluka. Kwa mbalame njira iliyonse ndi yolunjika.

Tsiku litakwana, Nadzikambe anapereka pulogalamu kwa onse, ka Chule kali momwemo. Inawakhotetsa apa, kuwakhotetsa apo, kulambalala minga, kulambalala chitedze, mpaka dziwe ilo, madzi mbee! Ana a Gwape phava! Njovu phava! Nthungululu, magule, Chule akutsogolera nyimbo ngati kamnyamata.

Pobwerera anamva kubuula. Anapeza matako a Mvuu ali pakati pa milambe, kamchira kakugwedezeka. Njovu anagwira mwendo, Njati mwendo wina. Kokani! Kokani! Phu!

"Akulu, madzi anali bwanji?" anafunsa Chule. "Munatisiyirako?"

"Tandikandani kaye pamsanapa, zinazo tikamba."

Anamukanda mudzi wonse, kwe kwe kwe, uku akuseka. Ana a Gwape anamupatsa madzi a m'chikho, iye n'kumwa maso ali pansi.

"Kachidutswa kanu musakataye," anatero Nadzikambe. "Chitseko chikatsegulidwa tidzakayesa mosathamanga. Mwina a Khwangwala adzakaphunzitsa kuyenda pansi."

Nthano yanga yagona pamenepo. Ana inu, wina akadzabwera ndi chonyezimira ulendo utapsa kale, musakangane naye. Muuzeni atsogole.

Tsono iwe Layisoni. Dzulo lake la ukwati wa mwana wanga unachotsa tcheni cha njinga yanga, chimene sichinandivutepo, n'kuikapo chatsopano chosalowa m'mano. Unati n'chamakono. Ndinafika kutchalitchi wapansi, njinga paphewa, anthu akutuluka.

Tcheni changa chakale sunabweze mpaka lero.