Mapazi Onyowa a Bambo Namakhwa

Ababa, takuikani Lachiwiri, ndipo ine ndinkayang'ana nkhope za anthu kumanda. Kapitawo Bizaliyele sanabwere, yemwe uja munamuphunzitsa kumanga lamba wa chikwama. A komiti ya kalabu sanatumize ngakhale duwa limodzi la pulasitiki. Ana a Makwinja, amene ankadya kwathu chaka cha njala, anadutsa pamsewu osatsika panjinga. Nanga Wedisoni... ayi, ndilekere pomwepa. Mayina ena ukawatchula pafupi ndi manda atsopano amanunkhitsa dothi.

Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma cholembera ndimachigwira. Ndilemba nkhani yanu kuti adzukulu anu adziwe kumene kunachokera mawu amene anthu amangowalankhula osadziwa mwini wake.

Tsono ana inu, tcherani khutu.

Kuseri kwa phiri, pakati pa minda ya tiyi, kuli bwalo la gofu. Gofu ndi masewero a kampira koyera, kolimba ngati mwala, kamene munthu amakamenya ndi ndodo yachitsulo mpaka kalowe m'dzenje. Maenje alipo khumi ndi asanu ndi atatu, ndipo wopambana ndi amene wamenya kochepa kuposa anzake. Ndodozo zimakhala m'chikwama cholemera, chimene wosewera sasenza yekha. Amamusenzera munthu wotchedwa kedi, yemwenso amamulangiza kamenyedwe. Agogo anu, a Lefani Namakhwa, anali kedi pabwalo limenelo kwa zaka makumi anayi.

Mwezi wa Juni uliwonse kunkachitika mpikisano waukulu wa Chikho cha Mapiri, ndipo akatswiri ankachokera m'mizinda ndi m'mayiko oyandikana nafe. Mayina a opambana ankalembedwa ndi penti wagolide pathabwa lalikulu m'nyumba ya kalabu. Makedi sankaloledwa kulowamo, koma thabwalo linkaonekera pawindo la kukhitchini, ndipo a Namakhwa analiloweza lonse ngati katekisimu. Mayina asanu ndi limodzi pamenepo anali a anthu amene iwo anawasenzera chikwama. Koma panalibe dzina ngakhale limodzi la munthu wochokera kushedi, kanyumba kodikiriramo makedi, ndipo chimenechi chinkawadya mumtima. Ankafuna kuti asanafe aone dzina la mwana wa kushedi pathabwapo.

Nzeru zawo zinali kumapazi. Pabwalo sankavala nsapato. Ankati kapinga amalankhula ndi chidendene: akakhala wouma kampira kamathamanga, akanyowa kamachita ulesi, ndipo maso akhoza kunama koma phazi ayi.

Munthu amene ankamuyembekezera anali Wedisoni Mulipa. Iyeyu anayamba ngati kedi, ndipo a Namakhwa anamuphunzitsa kumenya ndi ndodo yothyoka imene anaimanga ndi mphira. Atakula anayamba kupambana m'mizinda. Kampani ina ya zakumwa inamutenga, nkumuveka zoyera, nkumugulira kagalimoto ka batire koyendera pabwalo. Makedi anakapatsa dzina loti Njovu, chifukwa kanali kotuwa, kankayenda mwakachetechete, ndipo kumene kadutsa anthu ankagona ndi njala, poti kankanyamula zikwama ziwiri, ntchito ya anthu awiri. Pampikisano weniweni lamulo linkati aliyense ayende pansi, koma masiku ena onse Wedisoni sankapondanso udzu popanda chifukwa.

Chaka chimenecho dera lonse linabetchera Wedisoni. Makedi, alonda, amayi othyola tiyi, ngakhale mkulu wa mpingo anatuma mlamu wake mobisa. Kapitawo Bizaliyele, woyang'anira makedi onse, anagulitsa mbuzi ziwiri. Kunalinso a Silungwe, mkulu wa imvi amene anapambana Chikho katatu kalekale, kawiri chikwama chawo chili paphewa la a Namakhwa. Koma tsopano ankatsimphina bondo lamanzere, ndipo panalibe amene anawaikira ngakhale ndalama ya machesi.

Lachinayi m'mawa, mpikisano usanayambe, Wedisoni anaimitsa Njovu pakhomo la shedi nkuponya pansi bokosi.

"Madala, valani izi."

A Namakhwa anatsegula. Munali nsapato zoyera, zatsopano, zonunkha sitolo.

"Mwana wanga, nsapato ine pabwalo? Ukufuna unditseke maso?"

"Maso anu ali kumapazi ngati nkhanu?" Makedi ena anaseka. "Kwabwera ojambula a kanema. Mabwana anga akhala pakhonde paja. Simungandiyendere kumbuyo ndi ming'alu imeneyo ngati ndakutolani kudambo. Mukakana, nditenga wina."

"Valani, achimwene," anatero Bizaliyele. "Mbuzi zanga zili pamsana pa mnyamatayu. Musatiyambitsire zachikale pano."

A Namakhwa anavala. Anayenda masiku anayi ngati munthu womangidwa nsalu kumaso. Wedisoni akafunsa kuti, "Pamenepa ndimenye bwanji?" iwo ankayankha mongoganizira, mtima uli m'mwamba. Tsiku loyamba Wedisoni anatsogola ndi zigoli zinayi, ndiye kuti womutsatira anamenya kanayi kuposa iye. Lachisanu zinatsala zitatu. Loweruka zinatsala ziwiri, ndipo amene ankabwera pambuyo pang'onopang'ono, akutsimphina, anali a Silungwe. Lamulungu dzuwa likulowa, awiriwo anamaliza ali ofanana ndendende. Akuluakulu a mpikisano analengeza kuti kwada, choncho awiriwo adzabwereza dzenje lomaliza Lolemba, seveni koloko m'mawa. Womenya kochepa ndiye adzatenge Chikho.

Pobwerera kunyumba anthu ankawaimitsa a Namakhwa panjira.

"Madala, mawa tidya kapena tilira?"

"Mumuuze bwinobwino mwanayo. Ine ndaikapo ya feteleza!"

Iwo ankangogwedeza mutu. Ankalidziwa dzenje lomalizalo kuposa khomo la nyumba yawo. Lili kunsi, m'chigwa, pansi pa mibawa ikuluikulu, kumene dzuwa la Juni limafika mochedwa. Masana kapinga wake amaterera ngati galasi. Koma m'mawa sadziwika: tsiku lina wouma chifukwa cha mphepo ya kuphiri, tsiku lina wonyowa mpaka kumizu. Ndipo osamalira bwalo amalawirira kukwapula mame ndi nsungwi yaitali, kotero kuti pamwamba pamaoneka pouma ngakhale pansi pali madzi. Zaka zonse Wedisoni ankasewera dzenje limenelo masana. M'mawa sanaliponde chilandirireni Njovu.

Lolemba kunacha kozizira, kumwamba kuli mbee. Anthu anali atadzaza kale m'mbali mwa bwalo, manja m'khwapa. Kuchokera kunyumba ya kalabu kukafika poyambira dzenjelo pali kamtunda, ndipo akuluakulu analola kuti osewera aperekezedwe pagalimoto. Wedisoni anakwera Njovu pamodzi ndi bwana wa kampani, kapu ya tiyi m'manja.

"Kwerani kumbuyoku, madala."

"Pitani, bwana. Ndikupezani."

Njovu itapita, a Namakhwa anaima paudzu, chikwama paphewa. Anayang'ana nsapato zija. Akazivula, Wedisoni achita manyazi pamaso pa mabwana ake ndipo mwina sadzawayankhulanso. Akapanda kuvula, afika pakapinga uja opanda chomuuza. Anawerama nkumasula zingwe. Anazivula, nkuzilowetsa m'thumba la chikwama, nkuponda pansi. Kuzizira kunawalasa mpaka m'mano.

Atafika poyambira, Wedisoni anawayang'ana kumapazi, nkhope yake nkuuma.

"Mwandichita chiyani?"

"Tikambirana tikamaliza, mwana wanga."

"Palibe chokambirana. Ndipatseni ndodo."

Onse awiri anamenya bwino. Anamenyanso kachiwiri, ndipo timipira tonse tiwiri tinagwera pakapinga wosalala wozungulira dzenje. Anthu anakuwa, kenaka kunangoti zii. Ka a Silungwe kanali kumunsi kwa dzenje, mapazi ngati khumi ndi asanu. Ka Wedisoni kanali kumtunda, pafupi kwambiri, mapazi asanu ndi limodzi basi. Bizaliyele anayamba kale kuvina kumbuyo kwa chingwe chotchingira oonerera.

A Namakhwa anaponda pakapingapo kuti akachotse mbendera yozikidwa m'dzenje. Pamwamba pankaoneka pouma ngati mphasa. Koma chidendene chitangotsika, madzi anatuluka pakati pa zala. Anayenda mpaka padzenje, nkubwerera, ndipo tiudzu tometedwa tinawamatirira mpaka m'akakolo.

Wakutali ndiye amayamba, choncho inali nthawi ya a Silungwe. Mkuluyo anawerama movutika, nkuyang'ana njira ya kampira. Kedi wawo, amene anavala majombo, anawanong'oneza kuti, "Pouma apa, bwana, mungokakhudza." A Silungwe anatembenuka pang'ono, ndipo maso awo anatsikira kumapazi a munthu amene anawasenzera chikwama zaka makumi awiri zapitazo. Anayang'ana tiudzu tija. Udzu wouma sumamatira pakhungu.

A Namakhwa anaona maso amenewo, ndipo anafuna kubisa phazi lina kuseri kwa linzake, koma kunali kutachedwa. A Silungwe anamenya mwamphamvu, moti anthu ena anati, "Aa, wakalamba, kapitirira!" Kampira kanakwera, kanachita ulesi pafupi ndi dzenje, nkugweramo. Kunaomba m'manja anthu owerengeka okha.

Tsopano Wedisoni anayenera kulowetsa kake kuti mpikisano upitirire. Akaphonya, zatha. A Namakhwa anamuyandikira.

"Mwana wanga, pansi pali mame. Menya ngati dzenje lili phazi limodzi kutsogolo kwake."

"Mame ati? Ndaona ndi maso anga ndili pagalimoto akukwapula ndi nsungwi. Taonani, pouma."

"Akwapula pamwamba. Pansi pali madzi. Waona mmene amenyera a Silungwe?"

"Iwo amakweza phiri, ine ndikutsetsereka. Dzulo pomwe pano ndinangokakhudza, kanapitirira mapazi anayi."

"Dzulo anali masana. Wedisoni, ndakugwira mwendo. Vula nsapato imodzi yokha uponde."

Wedisoni anayang'ana kukhonde, kumene kunali mabwana ndi makina ojambulira.

"Ndivule nsapato pakanema? Madala, ntchito yanu ndi chikwama. Imani uko."

A Namakhwa anabwerera m'mbuyo, mbendera ili m'manja. Anaigwira zolimba kuti nsalu yake isachite phokoso. Wedisoni anaima bwino, mokongola ngati pachithunzi, nkukakhudza kampira mofatsa. Kanayenda molunjika, pakati penipeni pa dzenje. Anthu anayamba kukuwa. Kenaka kanayamba kulemera, kakutola madzi, kanagubuduka kamodzi, kawiri, nkuima. Panatsala zala zitatu.

Panalibe amene anatsokomola. Kumtunda kwa mibawa kunkalira njiwa.

Popereka Chikho pakhonde, a Silungwe anafunsidwa chinsinsi chawo. Iwo anaseka, ndipo ndikhulupirira kuti ankafuna kuyamika.

"Ine sindinawerenge kapinga ayi. Ndinawerenga mapazi a Namakhwa. Mapazi amenewo andipatsa Chikho kachitatu tsopano, china chija ndinachita kuba ndekha."

Mabwana anaseka. Koma kuseri kwa chingwe, kumene kunaima anthu a mbuzi ndi a feteleza, mawuwo anamveka mwanjira ina.

"Mwamva? Wavula dala!"

"Chinali chizindikiro chimenecho. Anapangana!"

"Achimwene," anakuwa Bizaliyele, "masiku anayi mwavala, lero lokha nkuvula? Akupatsani zingati?"

A Namakhwa anapita pamene panaima Njovu. Wedisoni anali atakwera kale, akuyang'ana kutsogolo. Iwo anatsitsa chikwama, nkuchimangirira kumbuyo bwinobwino monga mwa ntchito yawo, nkutulutsa nsapato zija nkuziika pampando.

"Mwandigulitsa, madala," anatero Wedisoni osawayang'ana. "Musadzandisenzerenso."

"Mapazi omwewa anali patsogolo pako, mwana wanga. Mlendo wawawerenga, iwe mwini wake unkachita nawo manyazi." Anapukuta dzanja pamalaya, nkugogoda denga la kagalimotoko. "Pita bwino. Koma ukakwera pamsana pa njovu, usamati pansi palibe mame."

Anatembenuka nkuloza njira ya kuminda ya tiyi, osadutsira kuwindo la kukhitchini. Wopenta anali atafika kale ndi kachitini kake, ndipo iwo ankadziwa dzina limene akalembe. Chaka chotsatira kampani ija inapeza mnyamata wina wa mumzinda, ndipo Njovu inapita naye. Wedisoni anayambanso kuyenda pansi, koma Chikho sanachiyandikirenso. Mpaka lero pathabwa paja palibe dzina la munthu wa kushedi.

Makedi amene anamva mawu aja anawatengera kumsika ngati nthabwala, ndipo kuchokera kumsika anafika paliponse. Ndiwo mwambi umene mumaumva uja: ukakwera pamsana pa njovu, usamati pansi palibe mame.

Tanthauzo lake, ana inu, si lakuti kukwera nkoipa. Kwerani, ndipo ine ndidzakondwa. Koma njovu si miyendo yako. Yakunyamula lero chifukwa yafuna, ndipo ili ndi tsiku lake lokutsitsa. Uli pamwambapo mapazi ako amauma, ndiye umayamba kuganiza kuti dziko lonse lauma, nkumatsutsa amene akuyenda m'munsi akamakuuza kuti akuzizidwa. Mame sachoka chifukwa choti iwe waleka kuwamva. Munthu wonyowa mapazi akakuuza za pansi, tseka pakamwa umvere, pakuti iyeyo ndiye waponda.